Mantha a Wogwira Padi, Mantha a Wokhala pa Benchi

Mwana wa achemwali anga ali ndi mawu omwe amawabwereza nthawi zonse tikakhala pansi kuonera kanema: "Amalume, filimu yochokera ku gemu siyikoma. Amangoononga basi." Posachedwapa tinakangana pa nkhaniyi mpaka mayi ake kutikumbutsa kuti nsima ikuzizira. Iye ndi mwana wa padi, kachipangizo kogwira m'manja posewera gemu, ine ndinakulira pa mabenchi a vidiyo sho, ndipo zambiri zomwe amanena ndimazivomera. Koma pali masana ena a mu Okutobala 2017 omwe amandiletsa kuvomera zonse. Masana amenewo sanachoke m'mutu mwanga, ndipo kuyambira pamenepo filimu iliyonse yoopsa ndimayiyesa ndi zomwe ndinaona tsiku limenelo.

Ndiyambe ndi pomwe mnyamatayu akunena zoona.

## Chitseko chomwe chala chimakana

PlayStation 2 yomwe ili pakhomo pathu inabwera kuchokera ku Joni m'chikwama cha alamu. Ndi yakale, koma imawerenga ndi madisiki a PlayStation yoyamba yomwe. Mu 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, magetsi ankazima maola ambirimbiri, ndiye mnyamatayu anaphunzira kulumikiza TV yaing'ono ku batire ya sola. Madzulo ena anandipatsa padi. "Amalume, inu mumati zoopsa za pa kanema sizikugwedezani. Tagwirani apa."

Inali Resident Evil yoyambirira, ya 1996, ya kampani ya ku Japan ya Capcom. Zithunzi zake n'zachikale, anthu ake ndi amakonamakona, moti poyang'ana koyamba munthu sungaganize kuti muli choti n'kukuopsa. Uli m'chinyumba chachikulu chapakati pa nkhalango. Kamera siyenda nawe, imakhala pakona pomwe anayiyika, ndiye umamva chinthu chikubuula patsogolo koma suchiona mpaka utachiyandikira. Zipolopolo n'zowerengeka. Ngakhale kusunga pomwe wafika si kwaulere: kumafuna riboni ya inki yoyika pa makina otaipira, ndipo maliboniwo ndi ochepa. Ukawononga lero, mawa ufa n'kubwerera kutali.

Ndiye pali zitseko. Ukadina kuti ulowe m'chipinda china, sikirini imada, chitseko n'kumatseguka pang'onopang'ono chikulira. Anachipanga choncho pofuna kubisa nthawi yomwe makinawo amatenga kuwerenga disiki, koma chinasanduka mtima wa gemu yonse. Pali kanjira kena kam'nyumbamo ka mawindo, kopanda kanthu, kabata. Ukafika pakati agalu amaswa galasi n'kudumphira mkati. Atandichita zimenezo, ndinafika pa chitseko chotsatira n'kuyima. Palibe chomwe chinkandithamangitsa. Mnyamata uja akuti, "Tsegulani amalume, palibe njira ina." Ine chala chili pa batani koma sichikudina.

Filimu singakuchite zimenezo. Mu filimu chitseko chimatseguka kaya wafuna kaya sunafune. Ukhoza kutsinzina, ukhoza kutuluka kukagula mandazi, nkhani ipitirira yokha. Mu gemu nkhani imayima n'kumakudikira, ndipo choipa chilichonse chomwe chichitike wachiyitana ndi chala chako.

Ife a kuno kuchigwa tikudziwa kusiyana kumeneku, chifukwa ambiri tinawolokapo Shire pa bwato madzi atadzaza. Wopalasa ali ndi mantha ake: akuwerenga madzi, waona makutu a mvuu patsogolo, akuyenera kusankha kopita msanga. Wokwera ali ndi mantha ena: wakhala pansi, wakumbatira katundu, wauzidwa kuti asasunthe, ndipo chomwe angachite n'kuyang'ana basi. Onsewa ndi mantha enieni, koma si amodzi. Gemu imakupatsa a wopalasa. Filimu ili ndi a wokwera okha, ndipo wopanga filimu wanzeru amagwira ntchito ndi amenewo.

## Alice ndi galu wake

Mafilimu a Resident Evil sanafune kudziwa zimenezi. Yoyamba inatuluka mu 2002, wotsogolera ndi Paul W. S. Anderson, ndipo anabweretsa mtsikana wotchedwa Alice, yemwe mu gemu mulibe, woseweredwa ndi Milla Jovovich. Galu yemwe mu gemu amakuchotsa mtima, mu filimu Alice amathamanga pakhoma n'kumumenya theche m'malere. Kungoona zimenezo umadziwiratu kuti mtsikanayu safa. Anapanga mafilimu 6 mpaka 2016, n'kupeza ndalama zoposa madola 1 biliyoni, ndiye sindinganene kuti anthu sanawakonde. Inenso ndinawakonda. M'mavidiyo sho a ku Ngabu ndi ku Bangula ankadzaza mabenchi, anyamata omasulira m'Chichewa akuwonjezera nthabwala zawo, akufawo akutchedwa ndondocha, ana akukuwa Alice akatulutsa mfuti ziwiri.

Koma malo ake ndi pamodzi ndi a Van Damme ndi a Jet Li. Ndi mafilimu a nkhonya ndi zipolopolo ovala chigoba cha filimu yoopsa. Palibe mwana yemwe anaopa kuyenda yekha pobwerera kunyumba ataonera Alice. Pamenepa mwana wa achemwali anga wapambana, ndipo sindimutsutsa.

## Okutobala 2017

Amene munali kuno mukukumbuka. Mphekesera za anamapopa zinayambira ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Seputembala, n'kumatsika mpaka kutifika. Anthu ankagona panja m'magulu, ena atakoleza moto, kutentha kwa Okutobala kukupitirira madigiri 40 masana. Anyamata ankagoneka zipika pa msewu usiku n'kumayimitsa galimoto. Mlendo aliyense wonyamula chikwama ankafunsidwa kuti muli chiyani. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ena m'maboma a Mulanje ndi Phalombe, a Peter Mutharika, omwe anali mtsogoleri wa dziko, anayendera madera okhudzidwa, apolisi anamanga anthu oposa 100. Anthu osachepera 8 anaphedwa ndi magulu a anthu okwiya. Mmodzi mwa iwo anali mnyamata wodwala khunyu yemwe anatenthedwa ku Blantyre.

Sabata imeneyo vidiyo sho ya pa msika pathu inkatseka msanga, dzuwa likangolowa. Tsiku lina masana ndinalowamo pothawa dzuwa, ngakhale pansi pa malata amenewo panali potentha kuposa panja. Achimwene eni ake anayika Silent Hill, ya 2006, yomasulira. Munali anyamata a kabaza opuma, ana a sukulu, amayi awiri ogulitsa nsomba zouma, ndi madala ena omwe ankakonda kukhala benchi lakumbuyo pafupi ndi khomo. Ena mwa anyamatawo ndinkawadziwa kuti usiku amakhala pa zipika zija.

Nkhani yake ndi ya mayi wotchedwa Rose yemwe akusaka mwana wake Sharon m'tawuni yosiyidwa, momwe phulusa limagwa kuchokera kumwamba ndipo chifunga sichichoka. Sailini ikalira, mdima umabwera, makoma amasupuka, zilombo n'kutuluka. Gawo loyamba lonse anthu ankaseka. Chitabwera chimunthu chija cha chipewa chachitsulo chosongoka, chokoka chimpeni chachitali, womasulira anachipatsa dzina lachipongwe, nyumba yonse kugwa ndi phwete. Ngakhale manesi opanda nkhope omwe amadzaoneka kutsogolo kwa filimuyo, anyamata ankawayimbira malikhweru. Zilombo sizinaopse munthu.

Kenako filimu inalowa m'tchalitchi. Muli anthu wamba, ovala nsanza, otopa, amantha, omwe akhala zaka akubisala. Mtsogoleri wawo ndi mayi wolankhula modekha wotchedwa Christabella. Pang'onopang'ono tinamva chomwe chinachitika kale m'tawuniyo: kunali kamtsikana kotchedwa Alessa, kobadwa popanda bambo wodziwika, komwe anzake kusukulu ankakatcha mfiti. Akuluakulu anauza mayi ake kuti akapereke kuti akakayeretse, mayiyo n'kuvomera. Anakawotcha kali kamoyo. Wapolisi mmodzi ndiye anakachotsa pa moto, manja ake n'kupsa.

Kuseka kunayamba kuchepa pamenepo. Ndipo pamene gulu lija linagwira Cybil, wapolisi wachizimayi yemwe anathandiza Rose, n'kumumangirira pa makwerero, n'kumamutsitsira pa moto pang'onopang'ono, anthu akufuula kuti mfiti ipse, m'vidiyo sho munangoti zii. Womasulira uja, yemwe samatseka pakamwa, pamenepa ankangonena mawu a filimuyo osawonjezera kanthu. Kamera siinkakhala pa wopsayo pokha. Inkayenda pa nkhope za oonerera: wina akukuwa, wina akupemphera, wina wangoyima maso ali gwa. Ndinayang'ana mabenchi athu, ndipo nafenso tinali titakhala m'mizere, maso ku moto womwewo.

Mmodzi mwa amayi a nsomba aja ananena chapansipansi kuti, "Mayo ine, mwana wa eni." Mnyamata wina wa kutsogolo anayankha mokweza, mwina pofuna kubwezeretsa phwete, kuti, "Mayi, mwina analidi mfiti." Palibe anaseka. Madala aja kumbuyo anati, "Iwe mwana, dzulo pa msewu paja munayimitsa munthu wa njinga yamoto. Akanalephera kutchula dzina la mfumu ya kwawo mukanatani naye?" Mnyamatayo sanatembenuke. Patapita kanthawi anadzuka n'kutuluka, filimu isanathe.

Ndakhala ndikuonera mafilimu oopsa kuyambira ndili mnyamata, a azungu, a ku Nigeria, a ku Asia, koma mantha ngati a masana amenewo sindinawamvepo. Sindinkaopa kuti chinachake chindigwira. Ndinkaopa chifukwa ndinadziwa kuti zomwe zili pa sikirini zikhoza kuchitika pa msika pomwepo dzuwa lisanalowe, ndipo ambiri a ife tikanayima mozungulira ndendende ngati anthu a m'tchalitchi muja.

## Chomwe wopanga filimuyo anamvetsa

Gemu ya Silent Hill, ya kampani ya Konami, inatuluka mu 1999. Mmenemo ndiwe bambo, Harry Mason, ukusaka mwana wako Cheryl. Chifunga chija nachonso chinkathandiza kubisa kufooka kwa makina, omwe sakanatha kujambula msewu wonse nthawi imodzi. Umayenda ndi kawailesi komwe kamayamba kuchita phokoso chilombo chikayandikira, ndiye umamva ngozi usanayione. Awa ndi mantha a wogwira padi, ndipo ndi amphamvu.

Christophe Gans, wa ku France, yemwe anapanga filimuyo, anatengamo chifunga, sailini, zilombo ndi nyimbo za Akira Yamaoka. Osewera gemu amamuyamikira pa zimenezi. Ine ndimamuyamikira pa zomwe anasintha. Anachotsa bambo n'kuyika mayi, ndipo gulu lachipembedzo la mu gemu analisandutsa khamu losaka mfiti. Anadziwa kuti woonera filimu alibe batani, wangokhala, akuyang'ana zoipa zikuchitikira wina. Ndiye anayika oonerera ena m'kati mwa filimu momwemo kuti tidzione. Mantha a munthu wokhala pa benchi ali pamenepo: ukuona, ukudziwa kuti n'kulakwa, ndipo sukudzuka.

Filimuyi si yangwiro. Zigawo za mwamuna wa Rose, woseweredwa ndi Sean Bean, zimangodula nkhani. Ndipo mathero ake amandivuta kwambiri. Alessa amabwera ndi waya waminga n'kung'amba anthu a m'tchalitchi aja mmodzimmodzi, ndipo tsiku lija m'vidiyo sho phokoso linabwerera, anyamata akuombera m'manja. Mtima unamasuka msanga. Amene mphindi zochepa zapitazo ankadziona m'khamu lowotcha, tsopano anali kumbali ya wobwezera, akusangalalanso ndi magazi. Ndikanakonda filimuyo ikanatisiya ndi manyazi athu osatipatsa pothawira. Yotsatira yake ya 2012 ndiye inabwerera ku zilombo zokhazokha, ndipo palibe chomwe ndingakumbukepo.

Chitsanzo china chomwe chinayenda bwino ndi The Last of Us. Gemu ndi ya 2013, ya kampani ya Naughty Dog. Sewero lake la pa kanema wa ku America wa HBO linayamba mu Januwale 2023, ndipo gawo lomaliza la chaka chimenecho linatuluka pa 12 Malichi, masiku omwe namondwe wa Freddy ankatigwetsera nyumba kuno, ndiye ambiri tinadzalionera mochedwa. Kumathero, bambo wotchedwa Joel amamva kuti madokotala akufuna kupha Ellie, mtsikana yemwe wakhala akumuperekeza, kuti apeze katemera wa matenda a bowa omwe atha anthu. Mu gemu, iweyo ndi amene umayenda m'chipatalamo ukupha, ndipo dokotala wa opaleshoni sungamulambalale, uyenera kumupha kuti nkhani ipitirire. Sewero silikanatha kukupatsa mlandu umenewo. M'malo mwake linachepetsa phokoso la mfuti, n'kuyika nyimbo yachisoni, n'kukusiya ukuyang'ana munthu yemwe wamukonda kwa magawo 9 akuchita chinthu choipa. Linachepetsanso zilombo kwambiri, zomwe osewera ena anadandaula nazo. Ine ndikuona kuti anachita bwino.

## Agogo a mu filimu ya ku Nigeria

Chomwe masana aja anasintha kwenikweni ndi momwe ndimaonera mafilimu oopsa omwe tinawazolowera kwambiri kuno, a ku Nigeria. Kuyambira pa Living in Bondage ya 1992, ya munthu wopereka mkazi wake nsembe kuti alemere, mafilimu amenewa anatigwira chifukwa mantha ake ndi athu. Mzukwa wa m'nyumba ya ku America sutikhudza kwenikweni. Koma chizimba, kukhwima, munthu wolemera mosadziwika bwino, izi timakula tikuzimva. Ena mwa mafilimuwa ndi abwino ndithu, makamaka omwe amaonetsa dyera likudya mwini wake.

Koma muli mtundu wina womwe tsopano sindiufuna pakhomo panga. Mukuudziwa. Banja likuvutika, ana akudwala, bizinesi yagwa, ndipo kumapeto zimadziwika kuti ndi agogo a kumudzi, kapena apongozi, kapena kamwana kamasiye komwe anakatenga. Abusa amapemphera, moto umatsika, nkhalamba imagubuduka pansi ikuulula, mudzi wonse n'kusangalala. Mu filimu yotereyi khamu limakhala lolondola nthawi zonse. Woloza chala sanama. Mwana woonera amaphunzira kuti nkhalamba yofiira maso, yokhala yokha, yolankhula yokha, ndi yoyenera kuyikayikira, pomwe maso ofiirawo ndi a utsi wa nkhuni ndipo kulankhula yekhako n'kukalamba.

Zimenezi sizithera pa sikirini. Mu Januwale 2016 ku Neno anapha nkhalamba 4 poziganizira kuti ndi zomwe zinatumiza mphenzi yomwe inapha mtsikana wa m'banja mwawo. Lamulo la zaufiti la 1911 limati kuneneza munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, koma m'midzi mwathu woneneza amayenda momasuka, wonenezedwa ndiye amathawa. Sindikunena kuti mafilimu ndi omwe anayambitsa izi. Zinalipo TV isanabwere. Koma filimu yomwe imauza khamu kuti likulondola ikuthira mafuta pa moto woyaka kale, ndipo ife timayigula, timayimasulira m'Chichewa, n'kumayionetsa ana masana ndi usiku.

Anzathu a ku Zambia anaonetsa kuti njira ina ilipo. Rungano Nyoni anapanga I Am Not a Witch mu 2017, chaka chomwecho cha anamapopa. Ndi nkhani ya kamtsikana, Shula, komwe mudzi wakaneneza ufiti, n'kukatumiza ku msasa wa amayi onenezedwa, komwe aliyense amamangiriridwa nsalu yaitali yoyera kumsana kuti asawuluke. Mulibe chilombo, mulibe magazi ambiri, ndipo zina amalankhula Chinyanja chomwe tingamve popanda womasulira. Inapambana mphoto ya mafilimu ya ku Britain yotchedwa BAFTA mu 2018. Anthu ambiri sayiwerengera ngati filimu yoopsa, koma ine inandisowetsa tulo kuposa zonse za mizukwa.

Opanga mafilimu a kuno kwathu ali ndi luso, taona ntchito za a Shemu Joyah ndi a Joyce Mhango Chavula. Ndikanakonda mmodzi wa iwo, kapena wachinyamata wina wa ku Nsanje kapena Chikwawa, atapanga filimu yoopsa ya masabata a anamapopa aja. Namapopa asaonekemo ngakhale kamodzi. Mukhale mlendo wotsika minibasi pa Bangula madzulo ndi chikwama chake, foni itatha moto, wachibale yemwe amayenera kumulandira atachedwa. Mukhale mayi wogulitsa nsomba yemwe wamuzindikira kuti ndi mwana wa mnzake wa ku East Bank, koma akuopa kuti akalankhula khamu limutembenukira iye. Kamera ikhale pa mayiyo, anthu akuchuluka, mafunso akukwera mawu, wina atapita kale kukatenga petulo.